Denga la Adada

Lachinayi madzulo, kuno ku Manyamula. Kwatentha chomene lero.

Ndakwera pachulu kawiri kusaka netiweki kuti chithunzi chathu chitseguke. Ine ndi achimwene a ku Joni tikujambula pafoni nyumba ya malemu adada, yomwe inagwa kalekale. Aliyense amawonjezera zake n'kutumizira mnzake. Dzulo ndinajambula khola la ng'ombe ndi mtengo wa mango. Lero iwo afolera nyumbayo ndi malata m'malo mwa udzu.

Ndawaimbira. Akuti, "Mlongo, zisiye choncho. Malatawo ndinawalonjeza adada ali moyo."

Ndawamvera chisoni, koma ayi. Mvula ikamagwa, ndine ndinkatchera mabeseni m'nyumbamo. Mawa ndifufuta malatawo, ndibwezeretse udzu umodziumodzi, ngakhale batire lithe. Adada anamwalira denga likudontha, mbwenu.