Mzinga Umene Unasanduka Mpope

Alexandria, Virginia
22 Meyi 1994

Okondedwa Amalume,

Ine ndili bwino, kaya inu? Tamva kuti boma lasintha kwathuko. Lero kutchalitchi tavina mpaka thukuta!

Mumzinda wapadoko uno muli mpope wakale wopangidwa ndi mzinga wankhondo. Akuti chida chophera anthu anachiimika kuti chizimwetsa anthu, akavalo ndi agalu. Ndimangoudutsa ndikamayendetsa agogo amene ndimawasamalira, koma dzulo ndinaugwira n'kufuula, "Nafenso kwathu zatheka!"

Akuti ndende akutsegula. Achimwene a Jasper akatuluka, muwauze kuti jekete lawo ndikulisungabe. Ngati ayi, musafulumire kundiyankha.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Tionge Nyirongo

Inde, ndasaina dzina langa lenileni. Wofuna kutsegula kalatayi panjira atsegule.