Andibweza pakhomo ndi khadi la malemu amuna anga

Aphungu,

Ndine mayi wamasiye. Nkhani yangayi ena akhoza kuiseka, koma ine ikundidya mumtima.

Malemu amuna anga ankakonza makina a m'zipatala, ndiye ndege inali ngati minibasi yawo. Chifukwa chokwera pafupipafupi, kampani ya ndege inawapatsa khadi lagolide lolowera mu launji, chipinda chija cha pabwalo la ndege chomwe anthu amadikiriramo atakhala pa sofa, tiyi ali waulere. Lamulo lake linali loti mwini khadi azilowa ndi mlendo mmodzi. Ana atakula, mlendoyo ndinali ine.

Tikafika pakhomo, bambo ankakonza kolala n'kuuza mtsikana wa pakauntala kuti, "Awa ndi alendo anga. Amati mlendo ndi mame, koma awa akana kukamuka." Nthabwala yake inali yomweyomweyo ulendo uliwonse, ine n'kumawatsina kuti asandichititse manyazi. Tinali ndi mpando wathu pakona, pafupi ndi zenera. Iwo ankavula nsapato mobisa pansi pa tebulo, n'kundithirira tiyi ndi manja awo, zimene kunyumba sankaziyerekeza n'komwe. Potuluka, mabisiketi ankalowa m'thumba la jekete, ati ndi a panjira.

Mwezi watha ndinayenda ndekha koyamba, kukaona mwana wanga wamkazi amene wachira kunja. Miyendo inangonditengera yokha pakhomo lija. Ndinapereka khadi la bambo, poti tsiku lake lothera ntchito linali lisanakwane. Pakauntala panali mtsikana wina, waulemu ndithu. Anandiuza kuti mlendo salowa popanda mwini khadi, kenaka anafunsa kuti, "Kodi eni akewo akubwera m'mbuyomu?" Ndinangopukusa mutu, n'kukakhala pa benchi panja, misozi ili chuchuchu.

Tsopano mwana wanga akufuna ndipitenso, ndikamugwirire khanda iye akamabwerera ku ntchito. Ine ndikuzengereza, chifukwa khomo lija lili panjira yopita kokwerera ndege ndipo sindingalizembe. Kodi ndimukanire? Kapena ndikachonderere akuluakulu a pamenepo kuti andimvere chisoni?

Mayi E.C.

Mayi E.C.,

Pepani kwambiri. Palibe choseketsa m'kalata yanu, kupatula mabisiketi a m'jekete aja.

Komabe ndinene mosapsatira: mtsikanayo sanalakwe. Khadi lotere ndi la mwini dzina yekha, silikhala chuma chamasiye, ndipo kawirikawiri mlendo amalowa pokhapokha mwiniyo ali pomwepo, nayenso ali pa ulendo. Mukapita kukachonderera mudzangobwerako ndi bala lina.

Chitani izi. Imbirani kampani ya ndegeyo, muidziwitse za imfa ya bambo, ndipo mufunse ngati mapointi amene ankasonkhanitsa pokwera ndege angasamutsidwire kwa inu. Makampani ena amalola, ena ayi, choncho musaikepo mtima kwambiri. Funsaninso ngati launjiyo imalandira anthu olipira pakhomo, poti ena amatero. Ikalola, lowani m'dzina lanu, mukakhale pakona paja, mudzithirire tiyi, ndipo misozi ikabwera musaibweze. Ikakana, mazenera oonera ndege alipo ndi kunja komwe. Khalani pafupi ndi limodzi, muvule nsapato.

Mwana wanu musamukanire. Amene mwamusowa ndi munthu wothira tiyi uja, ndipo kudzitsekera m'nyumba sikungamubweze. Kungakumaneni mdzukulu basi.

Chenjezo langa ndi limodzi: khadilo musakaliperekenso pakauntala iliyonse, angakulandeni, inu n'kutaya nalo chikumbutso. Lisungeni m'chikwama, liziyenda nanu. Bambo ankanena zoona osadziwa, mame anali iwowo, inu simunakamuke. Kwerani ndege mayi, kuli kamwana kakudikira mlendo wake.