Kompyuta Yodikira Munthu Kumene Kulibe Munthu

Aphungu,

3 Malichi: kompyuta inaima, mazira 40 anawonongeka.
19 Malichi: inaimanso, mazira 112.
6 Epulo: mazira 75.
Onse pamodzi: 227.

Ndine mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito. Ndimaswetsa mazira a nkhuku m'makina amene kutentha kwake kumayendetsedwa ndi kakompyuta. Makinawo ali m'shedi kumunda, kumene ndimapitako kawiri pa sabata. Analumikiza zonsezi ndi akamwini anga.

Akuti chimene chimagwa ndi kenelo, mtima wa pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse. Anaitchera kuti ikagwa izingoima, uthenga wa vutolo uli pagalasi, mpaka iwo adzawerenge. Koma ine ndikapeza mazira akuzizira ndimazimitsa pakhoma n'kuyatsanso, uthenga uja n'kufufutika. "Amayi, mwakolopanso umboni," amatero. Tsiku lina ndinawayankha kuti, "Bambo, umboni suswa anapiye." Chiyambire pamenepo timangopatsana moni.

Loweruka ndikufuna kuikamo mazira 300. Nditani?

E.G.N.

Mayi,

Akamwini sakulakwa kufuna umboni, koma kompyuta yopanda woiyang'anira siyenera kudikira munthu. Aitchere kuti kenelo ikagwa, iziyamba yasunga uthengawo mkati mwake, kenako izidziyatsanso pakatha masekondi khumi. Iwo adzawerenga tsiku limene afuna, mazira ali ofunda.

Nthawi zina imauma gwaa, osatha ngakhale kulemba uthenga uja. Apo pamafunika kachipangizo kolondera: kompyuta ikakhala chete kwa mphindi imodzi, ikoko kamaizimitsa n'kuiyatsanso. Ndiye ntchito yanu ya pakhoma ija, kungoti iko sikapita kunyumba. Ikadzuka izikutumizirani uthenga pafoni nonse awiri, chifukwa yodzuka mwakachetechete imabisa matenda.

Koma samalani. Kompyuta yodwala imatha kumangogwa n'kudzuka tsiku lonse osafunditsa dzira ngakhale limodzi. Aiikire malire: ikagwa koposa katatu pa ola, ileke kudziyatsa, chotenthetsera chipitirize chokha pa mlingo woikiratu, foni yanu ilire.

Pitani nokha mukawapemphe, ndipo muyambe ndi kuwathokoza. Lachisanu, makina ali opanda kanthu, aigwetse dala katatu inu muli pomwepo, wotchi ili m'manja. Ikadzuka yokha maulendo onse atatu, uthenga uli wosungika, ikani mazira. Ikalephera kamodzi kokha, mazirawo asalowemo Loweruka, ngakhale akamwini atupe masaya.

Aphungu