Gule Wanu Wafika pa TV ya Aneba

Bambo a ana,

Ndathamangira kuntchito, koma ndapalamula chitedze. M'mawa uno ndimafuna kuonetsa ana vidiyo yanu yovina mutavala thaulo, ija munati ndifufute. Ndaitumiza ku TV kuchokera pafoni popanda chingwe, monga munandiphunzitsira. Poti waifai timagwiritsa imodzi ndi aneba, pafoni panatuluka ma TV awiri a dzina lofanana. Ine n'kungodina yoyamba. Yathu ili zii, kuseri kwa khoma chikhakhali chokhachokha! Anali ndi alendo asanu.

Pepani ndithu. Musinthe dzina la TV yathu lero lomwe, ndipo potuluka mudzere khomo lakuseri. Aneba aakazi afunsa ngati mungadzavine paukwati wa mwana wawo. Ndakuvomererani kale. Akuti thaulo mudzabweretse lomwe lija.

Mkazi wanu wosalakwa