Ndapha kachikumbu ka bambo a bwenzi langa

Aphungu,

Mutu wanga waima. Ndili ndi bwenzi lomwe ndikufuna kumanga nalo banja, ndipo mwezi watha linakandionetsa kwa makolo ake. Potsanzikana, bambo ake anati, "Loweruka ulawire, tikaone mbalame kudambo la kuseri kwa fakitale." Ine ndinkayesa tikukasaka. Ndinavala malaya oyera, kudzithira perefyumu, n'kubwereka legeni kwa mng'ono wanga.

Bambowo ataiona legeniyo anangoti, "Imeneyo isiye m'galimoto." Anandipatsa magalasi oonera patali, tinakhala pachitsa, mame akulowa m'nsapato. Iwo akaloza mbalame, ine ndinkangoona masamba, koma ndinkavomera kuti, "Eya, ndaiona." Atandifunsa mtundu wa chifuwa chake, ndinangoti chofiira. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako kachikumbu kobiriwira kanatera pabondo langa, ine n'kukaphwanya ndi chikhatho, phwa! Osadziwa kuti iwo anali akutulutsa kamera mwakachetechete. Akuti akhala akukafunafuna kuyambira dzinja latha.

Pobwerera sanandikalipire, sanasekenso. Anangoti, "Loweruka likubwerali, nthawi yomweyo." Bwenzi langa ndikalifunsa likungoseka mpaka misozi. Ine mantha andigwira, mkaziyu ndimamukonda. Kodi andikana kale, kapena ndi mayeso? Nanga mbalame yongoiyang'ana osaidya, phindu lake n'chiyani? Ndipitenso?

D.N., kumapeto kwa tawuni

Achimwene D.N.,

Pitani. Bambo amene wakukana sakuitaniranso kumalo komwe mtima wake umapumulira. Akanakukanani, bwenzi Loweruka likubwerali mukugona mpaka dzuwa kukuwotchani kumapazi.

Malaya oyerawo muwasiye, muvale zosawala. Perefyumu musungire tsiku la ukwati, foni muzimitse, manja akhale m'thumba. Mukangofika mupepese za kachikumbu kaja mwachidule, ndipo chonde musalonjeze kuti mukawagwirira kena. Muwapemphe akuphunzitseni kagwiridwe ka magalasiwo, paja safunsa anadya phula. Funso la phindu lija limezeni kaye. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma chenjerani apa. Tizikumbu tikadalipo tambiri kudamboko. Chomwe chawadetsa nkhawa ndi chifuwa chofiira chija. Bambo akamva mkamwini akunama pa nkhani ya mbalame, amayamba kuganizira zomwe mwana wake azidzanamizidwa m'nyumba. Tsono akadzaloza, inu n'kuona masamba okhaokha, mudzanene kuti, "Bambo, ine ndikuona masamba."