Mpira Unagwera Pamene Wina Anaponda

Amayi anga, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife kuno ku Bangwe tilipo. Alamu anga, akazi awo a achimwene anga a Yohane, anachira mwezi wathawu. Ndi mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Mphuno ndi yanu yomwe ija. Chimanga cha kamunda ka m'phiri chatuluka chochepa chifukwa mvula inadula msanga. Ababa bondo likuwavutabe, koma kutchalitchi sajomba.

Chimene ndakhalira pansi kulemba ndi nkhani ya gofu. Mukukumbuka mmene munkanditengera kubwalo ku Limbe ndili wamng'ono, inu mukusalaza maenje a mchenga ndi reki, ine nditakhala pansi pa bulugama ndikudya chinangwa? Zaka zonse zija simunagwirepo ndodo ya gofu, koma munkamudziwa munthu amene mpira wake sutuluka mumchenga asanamenye n'komwe. Munkandinong'oneza kuti, "Taona abwana awo, maso ali pa mbendera, mpira auiwala." Ankamenyadi katatu, mchenga uli mbuu kumaso, mpira uli pomwepo. Inu munkangodikira achoke, n'kukasalaza mukung'ung'udza nyimbo ya kwaya.

Ntchito yonyamulira anthu zikwama za ndodo ndikugwirabe, ndipo Lolemba amatilola ifenso kusewera. Sabata yatha kunali mpikisano wa amayi, woti atatu oyamba apite kukasewera ku Lilongwe. Pofika pa dzenje lomaliza tinali patsogolo awiri, ine ndi Tadala wa ku Chilomoni, tili ndendende. Mpira wanga unakagwera mumchenga wa kumanzere uja, umene munkati umathyola msana, m'munsi mwenimweni mwa khoma lake. Choipitsitsa, unakhazikika m'phazi la munthu amene anaponda n'kuchoka osasalaza. Unkangooneka pamwamba pokha.

Amayi, mtima unkafuna chikho. Mbendera ya pa dzenjelo inali pafupi, ndipo ndinayamba kudzinamiza kuti ndikamenya mwamphamvu mpirawo udumpha khomalo. Ndinaima nthawi yaitali, ndodo ili m'manja. Ndinkadziwa kuti ndikalephera kawiri katatu, ngakhale malo achitatu andipulumuka. Kenaka ndinakumbukira zimene munandiuza tsiku lomwe ndinalephera mayeso a fomu folo, ndikulira za ku koleji: "Wogwera m'chitsime safunsa sopo, amayamba watuluka."

Ndinatembenuka, kusiya mbendera, n'kuutulutsira chammbali pa kapinga wabwino. Ena mwa oonerera anaseka. Ndinatenga reki n'kusalaza mapazi anga ndi a munthu uja, ndikukoka chobwerera m'mbuyo monga munkachitira. Apa m'pamene misozi inadzadza m'maso, moti ndinachita kupukuta ndi malaya kuti ndione pomenya. Kuchokera pa kapingapo ndinaukwezera pafupi ndi dzenje, kenaka n'kuugwetseramo.

Tadala anandiposa ndi kumenya kumodzi kokha. Chikho anatenga ndi iye, ndipo anasewera bwino, ndinamukumbatira. Ine ndinakhala wachiwiri, choncho ku Lilongwe ndikupita.

Sindikunamizani, zikundiwawabe. M'minibasi pobwerera kunyumba ndinkangoti mwina ukanadumpha, mwina. Koma mpira umene uja ndinauona ndi maso angawa mmene unakhalira. Pa kumenya khumi, mwina kamodzi kokha ukanatuluka cholunjika ku mbendera.

Ulendo ndi wa mwezi wamawa. Ndili ndi mantha pang'ono, pajatu sindinapitirirepo Zalewa chibadwire. Ndikanakonda mukanandiperekeza pa siteji, mukundikalipira kuti ndavala juzi yopyapyala.

Ndisananyamuke ndibwera kudzakuonani Loweruka m'mawa. Akuti udzu wakula pamanda panupo. Chikho choti ndikuonetseni ndilibe, Amayi, koma ndibwera ndi khasu.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka kalekale,
Esinati