Jamu Wowawa wa Ilinca

Bârlad, Lachisanu

Okondedwa achemwali Sanda,

Ndikhulupirira muli bwino ku Padova kumeneko, pamodzi ndi gogo wachitaliyana amene mumam'samalira uja. Kuno tadzuka. Mayi mawondo akuwavutabe, koma pakamwa pokha ndiye sipadwala. Mwana wanu Ilinca watuluka m'chipatala ndipo wayamba kudya. Ndayamba ndi zimenezi kuti mtima ukhale pansi, muwerenge mpaka kumapeto.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni mumangolira, ine n'kuiwala chimene ndimafunsa. Nelu wa minibasi akupatsani m'manja pamodzi ndi kabotolo kokulunga m'nyuzipepala. Musakatsegule musanamalize kuwerenga.

Ndibwereza nkhaniyi kuchokera poyamba, poti mwaimva kwa mayi okha.

Ilinca atayamba chifuwa ndi kutentha thupi, mayi anati ndine ndinasiya zenera lotsegula, mphepo n'kumulowa kumsana. Anamuveka masokosi oviika m'vinega, nyumba yonse kununkha ngati mgolo wa kabichi. Nditaona kuti thupi silikuzizira, ndinapita naye kwa dokotala watsopano uja, mayi Oprea.

Anamumvetsera m'chifuwa, anaona mmene akupumira, kenako anam'baya chala n'kutenga kadontho ka magazi. Anati m'magazi muli kanthu kotchedwa CRP kamene kamakwera kwambiri thupi likamalimbana ndi mabakiteriya, monga aja a chibayo, koma ikakhala vairasi nthawi zambiri kamakhala kotsika. Ka Ilinca kanali kotsika, m'mapapo namo munalibe phokoso loipa. Ndiye anakana kulemba maantibayotiki. Anati sapha vairasi, angangomuwononga m'mimba. Anati magazi paokha satha nkhani, tibwererenso adzayezenso, ndipo mwana akayamba kupuma mothamanga kapena nthiti kulowa m'kati ndithamange naye osadikira.

Ndisaname, nanenso ndinam'kayikira. Mtsikana wamsinkhu wanga, kutibweza ndi mankhwala otsitsa kutentha basi? Ndinam'funsa ngati akanatero mwanayo akanakhala wake. Anati inde. Sindinakhutire, komabe ndinamvera.

Kunyumba mayi anandifunsa kuti ndinapita ndi chiyani m'manja. Nditati ndinapita ndi mwana, anati ndine chitsiru chovala magalasi, dokotala salembera mankhwala enieni munthu wobwera wopanda ngakhale paketi ya khofi. Anati malemu dokotala Stanciu ankabaya jakisoni mwana asanakhosomole kachiwiri. Ndinati n'chifukwa chake tonse obadwira mumsewu uno tili ndi zipsera m'matako. Anati pakamwa pomwepa m'pamene panathamangitsa mwamuna wanga Costel.

Titabwerera kwa dokotala, magazi anali chimodzimodzi. Thupi linali litayamba kuzizira, mwana n'kumasewera ndi mphaka. Chifuwa chokha ndicho chinatsala, ndipo mayi Oprea anali atanena kale kuti chimachedwa kutha. Mumvetse bwino pamenepa, amake Ilinca: mwana wanu anali akuchira.

Kenako phukusi lanu linafika. Mayi, amene amati masitepe adzawapha, anatsika okha kukalandira kwa Nelu. Ndikuchokera kuntchito ndinapeza litatsegulidwa kale, khofi ndi supageti zitandanda patebulo. Kuyambira tsikulo anasiya kulongolola za dokotala. Inu mumawadziwa mayi. Ndi liti anagonjapo pamkangano mwakachetechete?

Posakhalitsa Ilinca anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Thupi lonse linatuluka zidzolo, zikope kutupa, milomo kuuma. Anamugoneka m'chipatala n'kumuika madzi m'mitsempha. Mayi Oprea atabwera anandifunsa kuti ndam'patsa chiyani. Ndinalumbira kuti palibe. Anati zidzolo zotere sizibwera ndi msuzi wa nkhuku. Anandifunsanso kachiwiri, pamaso pa anamwino ndi amayi ena onse a m'chipindamo, akundiyang'ana mmene ine ndinamuyang'anira tsiku loyamba lija. Ine amene ndimasiya ntchito n'kumathamanga ndi mwana wa munthu, kusanduka wabodza pagulu!

Ndinabwerera kunyumba n'kufufuza paliponse. Kuseri kwa ufa ndinapeza kabotolo ka jamu wa matcheri, momwe muli timadontho toyera. Ndinalawa, kuwawa kwake lilime kuchita kufota.

Mayi poyamba anati jamu waonongeka. Kenako anati ndi timankhwala tochepa tochokera kwa mayi Aglaia a khomo loyandikana nafe. Ndinakagogoda. Mayi Aglaia anakhuthula thumba lawo lonse patebulo: a mtima, a shuga, a tulo, n'kunena kuti ngati mwana wamwa amenewo ndiitane wansembe. Nditabwerera, mayi anati makapisoziwo anabwera opanda bokosi, okulungidwa m'kampango, dzina sakulidziwa, ndipo otsalawo aponya m'chitofu. Nditafunsa kuti anabwera kuchokera kuti, anadzilemba mtanda n'kuyatsa wailesi yakanema.

Ndinakuimbirani. Munati simukudziwa kanthu, munalira, foni n'kuduka.

Koma Ilinca sadziwa kubisa. Ali pabedi la chipatala, chingwe cha madzi chili padzanja, anandifunsa ngati amayi ake anyamuka. Anati agogo ankam'patsa jamu wowawa ine ndikapita kuntchito, ndipo amayi ake ananena pafoni kuti ameze wonse osalavula, akamaliza abwera pa Pasaka. Anati ndi chinsinsi, anti Otilia asamve chifukwa amakalipa.

Mwina mayi anam'namiza mwanayo. Ndayesa kuganiza choncho. Koma ndinu nomwe munandiuza m'nyengo yachisanu kuti gogo wanuyo anadwala chifuwa ndipo anasiyira mankhwala panjira. Makapisozi a nkhalamba yolemera ngati kabati, achemwali, kum'patsa mwana wa zaka zitatu?

Ndikudziwa kuti kukhala kutali n'kowawa. Mumamva chifuwa pafoni, manja alibe chogwira, ndiye mumatumiza chimene chili pafupi. Zimenezo ndazimva. Kukhululuka ndiye sindinafikepo, ndipo musandifulumizitse.

Chimene ndikufuna si kupepesa. Ndikufuna dzina la mankhwalawo. Mayi Oprea akuti n'kutheka thupi la Ilinca limadana nawo, ndipo akadzawalandiranso zikhoza kudzavuta kuposa apa. Tsiku lina akhoza kudzadwala chibayo chenicheni, magazi n'kudzasonyeza kuti tsopano ndi mabakiteriya, maantibayotiki n'kufunikadi mwamsanga. Pamenepo dokotala ayenera kudziwa oti asam'patse. Panopa akungoganizira. Munthu mmodzi yekha padziko ndiye anaona bokosilo, ndipo si ine.

Ngati mwalitaya, funsani mwana wa gogoyo kapena kumene anagula. Ngati manyazi akukuletsani kundiuza ine, jambulani mutumizire mayi Oprea, nambala yawo ndalemba kuseri. Sindidzafunsa.

Ilinca tsopano amagona m'chipinda changa. Masana ndimam'siya kwa Mirela wa pansi apa. Mayi amamuona ine ndili pomwepo, ndipo akuuza aliyense kutchalitchi kuti anabala njoka. Nelu ndamuuza kuti phukusi lililonse azipereka kwa ine. Anati iye ndi dalaivala, si woweruza milandu, koma wavomera.

Tsopano tsegulani kabotoloko. Mulaweko supuni imodzi, musamwere madzi.

Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu pantchito yanu yolemetsayo. Mundiperekere moni kwa msuweni Doina mukakumana Lamulungu. Mayi akupereka moni, ngakhale anauza khoma, osati ine.

Ilinca akufunsa m'mawa uliwonse kuti mwafika pati. Akuti iye anameza wonse, sanalavule ngakhale kamodzi. Ndamuuza kuti ndikufunsani.

Ndine mng'ono wanu,
Otilia